Mwana wa ku Linga la Nakhwale

Kankhirani chikunicho pakati, utsiwu ukundilowa m'maso. Mwandifunsa ngati ndinafikako ku linga lija la pa phiri la Nakhwale. Ndinafikako kamodzi, koma osati kukaona malo ngati mmene amachitira ana a sukulu masiku ano. Ndinaperekeza alamu anga. Kuti mumvetse chimene tinakachita kumeneko, ndiyambire kwa achimwene.

Achimwene anga a Fanuwelo anali mmisiri womanga nyumba. Sanali munthu wolankhulalankhula, koma akaona khoma labwino ankaima, kuligwiragwira, kulizungulira ngati wogula ng'ombe pamsika. Akazi awo anali a Elube, mayi wansangala, woimba kwaya, amene kuseka kwake unkakumva uli kuchitsime. Anakhala pabanja zaka zambiri opanda mphatso, anthu analankhula mpaka kutopa okha. Kenako kunabadwa mwana wamwamuna, anamutcha Mtisunge. Kuyambira pamenepo dzina loti Elube linaiwalika. Aliyense ankati amake Mtisunge, ndipo iwo ankayankha msanga ngati akuopa kuti dzinalo liwathawa.

Mwanayo sanafike pokwawa. Chibayo chinamugwira nyengo yozizira itangoyamba. Anatsirizikira kumsana kwa amake, panjira ya kuchipatala. Alamu anafika naye mpaka pabenchi, nakhala pamzere, akumugwedeza, osadziwa kanthu. Namwino ndi amene anawauza atamasula nsalu.

Maliro atatha anthu anabalalika, ine ndinatsala kuti ndiziwathandiza ntchito zapakhomo. Alamu ankangokhala pakhonde, manja ali pamiyendo. Ukawapatsa chakudya ankalandira ndi manja awiri, n'kuchiika pansi, nkhuku n'kudya. Chimene chinkawazunza kwambiri ndi mkaka. Amayi achikulire anawamanga pachifuwa, anawamwetsa izi ndi izi, koma mkakawo sunaphwe. M'mawa uliwonse bulauzi inkakhala itanyowa. Ndiponso tonse tinasowa powaitanira. Kunena kuti amake Mtisunge kunali kutosa pachilonda, kunena kuti a Elube kunali ngati tikuti mwanayo sanabadweko n'komwe. Tinkangoti, "Mwadzuka bwanji kumeneko?"

Achimwene nawo ankathawira kuntchito, kulawirira m'mawa, kubwera dzuwa litalowa. Kumeneko ndi kumene anamva kwa anzawo za linga lakale la miyala, kum'mawa uko kufupi ndi malire a Mozambiki, lomangidwa popanda simenti koma makoma ake ali chiimire mpaka lero. Amene analimanga sadziwika bwino. Ena amati Apwitikizi, ena amati mfumu ina yogula ndi kugulitsa anthu, enanso amati onsewo anachita kulipeza.

"Mayi, Loweruka tiyeni tikaone linga lija," anatero achimwene tsiku lina. "Mukapitidweko mphepo."

Ndinkayembekeza kuti akana. Koma alamu anangoti, "Chabwino," osafunsa kuti kuli kutali bwanji.

Ulendo woyambawo ine sindinapite nawo. Ndikunena zimene achimwene anandiuza pambuyo pake, ndipo iwo sanali munthu wokometsera nkhani.

Ananyamuka m'mawa pa njinga yamoto. Msewu wafumbi unakathera pa kamudzi ka m'tsinde mwa phiri. Pamenepo anapeza mayi wina, a Nahipa, akuyanika makaka pathanthwe, ndipo anawapempha kuti awasungire njinga. Mayiwo anavomera, koma maso awo anali pachifuwa cha alamu, pomwe bulauzi inali itayamba kale kunyowa.

"Nanga mwana mwamusiyira ndani?" anafunsa a Nahipa.

Achimwene anayang'ana pansi. Alamu anayankha okha. "Ndilibe mwana."

A Nahipa anasiya kuyala makaka. "Pepani amayi, ndalankhula mosadziwa." Kenako anatembenukira kwa achimwene. "Bambo, bwanji inu mukwere nokha, mayiwa atsale tizicheza? Kumtundako kumazizira."

"Ndabwera kudzaona linga," anatero alamu.

"Ndiye mukaone msanga. Ife a pano sitipitako, ngakhale kukatola nkhuni. Chifunga chikayamba kutsika, inunso muzitsika."

Njira yokwera inawadabwitsa achimwene. Malo oti anthu sapitako, koma njirayo inali yopondeka bwino, yosalala, yopapatiza ngati ya kuchitsime. M'munsi mbalame zinkalira, koma atangodutsa pa nsungwi zina kunangoti zii. Ankangomva kupuma kwawo.

Pokhota pena anaona anthu akutsika. Anali amayi okhaokha, atandondozana mzere umodzi, moyandikana kwambiri moti mmodzi akanapunthwa onse akanagwa. Sanasenze kanthu, koma makosi awo anali owerama ngati asenza. Achimwene anapatuka, nakokera alamu pambali, n'kupereka moni. Palibe anayankha. Anadutsa mapazi akugwa pamodzi, ngati munthu mmodzi wa miyendo yambiri. Nkhope zawo achimwene sanazione bwino ngakhale kunali masana. Akuti ukati uyang'ane uyu, maso ankangoterereka kupita kwa winayo. Womaliza yekha ndiye anatembenuka, osati kuyang'ana iwo ayi, koma kuyang'ana kumtunda kumene ankachokera. Anayang'ana choncho mpaka china chake chinamukoka, n'kupitirira.

"Mwina akuchokera kumaliro," anatero achimwene pofuna kudzilimbitsa mtima.

"Kumtundaku kulibe mudzi," anayankha alamu. "Mwamuona womalizayo? Nayenso wanyowa."

Achimwene anati abwerere. Alamu anali atayamba kale kukwera.

Lingalo analipeza pamwamba penipeni. Makoma ake anali aatali kuposa munthu ataimika mkono, miyala ikuluikulu yosanjikizana popanda dothi pakati. Mitengo ya kachere inamera pamwamba pake, mizu itatsika n'kukumbatira makomawo ngati zala. Chipata chinagwa mbali imodzi. M'kati munali bwalo lomera tsekera, ndipo m'mphepete mwa khoma munali tizipinda topanda denga. Pangodya panali nsanja yogumuka yokhala ndi timabowo toonera kunja, ndipo ukasuzumira unkaona dziko lonse la kum'mawa lili pansi, minda, madambo, mpaka kumene thambo limakathera.

Mtima wa mmisiri unadzuka. Achimwene anaiwala za amayi aja, nayamba kuzungulira, kuyesa kulowetsa mpeni pakati pa miyala, mpeni osalowa. "Mayi, taonani mmene anamangira ngodyayi," anatero, ndipo aka kanali koyamba chichitikire maliro kuti alankhule ndi mawu amoyo. Alamu anabwera, anaona, anagwedeza mutu.

Kenako anaona zitsulo zozungulira ngati zibangili, zokhomedwa m'khoma, m'munsi, pofika m'bondo. Zinali zadzimbiri, koma m'kati mwake munali mosalala, monyezimira ngati khasu la m'dzinja. Achimwene anagwira chimodzi, nachisiya msanga. Kunkamvekanso fungo la utsi, koma moto panalibe.

Anakhala pansi kuti adye. Ndinali nditawakulungira mbatata yophika m'kansalu. Anaiika pamwala, natembenuka kuti athirane madzi osamba m'manja. Pobwerera anapeza kansalu kokha, kopindidwa bwinobwino.

"Anyani," anatero achimwene. Koma nyani sapinda nsalu, ndipo iwo ankadziwa zimenezo.

Pamenepo ndi pamene kunamveka kulira. Kunali kwapansipansi, kosasa, ngati kwa khanda limene lalira nthawi yaitali mpaka mawu kutha. Kunkamveka, n'kusiya, n'kuyambanso.

"Ndi vumbwe ameneyo," anatero achimwene. "Tiyeni tizipita."

Alamu anatchera khutu. Dzanja lawo linali pachifuwa. Chifunga chinali chitayamba kusefukira pamwamba pa khoma, chili mbuu, chikutsetsereka ngati phala. Achimwene anakumbukira kuti jekete anaisiya kunsanja kuja. Anathamangira kukatenga, ndipo pobwerera anapeza pamwala paja palibe munthu.

Anaitana kuti, "Mayi." Chete. Anaitana kuti, "Elube." Makoma anangomeza mawuwo. Analowa chipinda ichi, natuluka, nalowa china, chitedze chikuwayabwa m'mikono, osaona ngakhale mapazi awo omwe. Pomaliza anatchula dzina limene anali asanalitchule chiikire mwana.

"Amake Mtisunge."

Yankho linachokera pafupi, lodekha. "Ndili kuno. Musakuwe, mumudzutsa."

Anawapeza m'kachipinda ka mbali ya kum'mawa, atakhala pansi, atafulatira khomo, akugwedezeka pang'onopang'ono. Pamiyendo pawo panali chitenje chobiriwira, chomwe anaberekera Mtisunge tsiku lomaliza lija. Tonse tinkaganiza kuti chili pansi pa sutikesi. Alamu anaimirira, nawerama, naponya nsaluyo kumsana, namanga mfundo pachifuwa.

"Tiyeni," anatero. "Kuno kukuzizira."

Ndinawafunsa achimwene kuti m'nsalumo munali chiyani. Anati, "Ndinayang'ana, achemwali. Munalibe kanthu. Koma nsalu yopanda kanthu sikhala choncho."

Atafika m'munsi, a Nahipa atangoona alamu anagwira pakamwa, nalowa m'nyumba, natseka chitseko. Njinga anachita kudzitengera okha kuseri.

Kwathu anafika dzuwa litapendeka, ine ndili pakhonde ndikusankha nyemba. Alamu anatsika panjinga mosamala, dzanja limodzi lili kumbuyo, n'kundimwetulira. Kumwetulira kumeneko ndinali nditakuiwala.

"Alamu, tatenthetsani madzi," anatero. "Angofunda chabe."

Ndinayang'ana achimwene. Anapukusa mutu pang'ono, kundiuza kuti ndisafunse.

Masiku otsatira, munthu wongobwera akanati pakhomo pathu pabwerera mtendere. Alamu ankadzuka m'mamawa, kusesa, kuimba. Ankadya n'kupempha china. Anatulutsa matewera musutikesi, ankawachapa ali oyera kale n'kuwayanika pachingwe. Bulauzi inasiya kunyowa. Ankalowa kuchipinda n'kutseka chitseko, ndipo ukadutsa pazenera unkamva akung'ung'udza kanyimbo, komanso kaphokoso kena kakang'ono kamene mayi aliyense woti anayamwitsapo amakadziwa. Ine ndinalera ana, sindingakasokoneze ndi china.

Koma ankaonda. Ankadya ngati munthu wochokera kumunda, koma mafupa a m'khosi anayamba kuonekera, mphete yaukwati inayamba kuvuka yokha. Galu wathu anasamukira kwa aneba. Ukamuitana ankafika pampanda n'kugona pansi, osalowa. Pabedi pomwe alamu ankayala nsalu ija pankatsala polowa pang'ono, ndipo ukagwirapo pankakhala pofunda. A mpingo anabwera kudzapemphera. Alamu anawalandira bwino, anaimba nawo limodzi, anangowapempha kuti atsitseko mawu.

Kenako kunayamba odi. Chisisira chikamagwa, nkhuku zikulowa m'khola, kumpanda kunkamveka mawu a munthu wamkazi, otsika, otopa. "Odi." Ukayankha kuti lowani, palibe ankalowa. Ukapita kukaona, sunkapeza munthu. Aneba nawonso ankamva, ankaganiza kuti tili ndi mlendo wamanyazi.

Tsiku lina ndinabisala kuseri kwa bafa. Pafupi ndi mtengo wa mpoza, pomwe mpanda unathyoka, panaima winawake. Sindinganene kuti ndinaona nkhope. Ndinaona khosi lowerama, ndi manja awiri otambasulidwa pang'ono, monga timachitira polandira mwana kwa mnzathu. M'mawa mwake pamalopo panali mapazi opanda nsapato, atazama m'dothi ngati munthuyo anaima nthawi yaitali osasuntha.

Ndinawatengera achimwene pambali. "Mukapanda kuchitapo kanthu, tiikanso maliro ena pakhomo pano."

Iwo anati, "Mawa akamasamba, ndiitenga nsaluyo ndikaitaye kutali."

M'mawa alamu atalowa kubafa, achimwene analowa kuchipinda, ine ndinaima pakhomo kuti ndiziwaonera. Nsalu ija inali pabedi. Anawerama, nalowetsa manja pansi pake, nanyamula. Pomwepo anaima. Ndinaona mikono yawo ikudzipinda yokha. Anakhala pansi pabedi, nayamba kugwedezeka, misozi ikutsikira m'ndevu.

"Akulemera ngati iye uja," anatero. "Ngati iye uja ndithu."

Alamu anatipeza choncho, madzi akudontha m'tsitsi. Sanakalipe. Anangoti, "Muchirikize kumutuko, bambo," n'kuwakonzera mkono. Ine ndinatuluka, ndinakalirira kuseri kwa nyumba, chifukwa tsopano odwala anali awiri.

Madzulo a tsiku lomwelo odi uja sanamveke. M'malo mwake kumpanda kunachokera kubuula. Sikunali kulira kwa pamaliro kumene timalira tikutchula mawu ayi. Kunali kochokera m'mimba, kwakutali, kosadukiza. Ine ndinali nditakumvapo kamodzi kokha, tsiku limene anabwera ndi thupi la Mtisunge kuchokera kuchipatala, ndipo tsiku limenelo kunatuluka m'kamwa mwa alamu.

Alamu anali pakhonde, nsalu ili pamiyendo. Anasiya kugwedeza.

"Alamu, mukumva?" ndinafunsa.

"Ndikumva."

"Ndi ndani ameneyo?"

"Ndi amake."

Ndinakhala pansi pafupi nawo. "Mukudziwa chimene akufuna?"

"Ndinadziwa kalekale. Ndinkati adikire pang'ono. Wadikira zaka zonsezi, ndinkati masiku ochepa si kanthu kwa iye." Anasisita nsalu ija. "Ndinamupeza ali yekha, alamu, pamwala wozizira. Palibe ankamunyamula. Ndikanamusiya bwanji?"

"Simunalakwe."

"Koma mawu awawa ndikuwadziwa mmene amawawira potuluka. Ndinkaganiza kuti ndine ndekha ndili nawo." Anamvetsera kanthawi. "Kauzeni achimwene anu athire mafuta m'njinga."

M'mawa mwake tinanyamuka atatu. Alamu anali atafooka kwambiri moti ine ndinakhala kumbuyo kuti ndiziwagwira. Pakati pa chifuwa changa ndi msana wawo panali nsalu ija. Ndinayesetsa kuti ndisatsamire, koma msewu unali wa mabampu. Ndinkamva kufunda kukundilowa m'malaya, ndipo kamodzi kanthu kakang'ono kanandikankha pamimba, ngati kaphazi.

A Nahipa ulendo uno sanathawe. Anatiyalira mphasa, natipatsa madzi akumwa, maso awo akupewa kumsana kwa alamu.

"Mwachita bwino kubwera," anatero. "Chichokere inu, phirili silinakhale chete. Ana athu akugona m'nyumba imodzi ndi ife."

"Tatiuzani, mayi," anatero achimwene. "N'chiyani chili kumtundaku?"

"Ine ndinangomva kwa makolo. Ankati m'lingamo ankasungiramo anthu asanawatsitsire kunyanja yamchere. Ulendowo unali wautali, ndiye amene anali ndi makanda ankawalanda pachipata, n'kukawasiya m'kachipinda ka kum'mawa. Mpaka lero amayiwo amatsika tsiku ndi tsiku, koma safika. Kukacha amapezekanso ali m'kati. Tsopano mmodzi wasowa pamzere, ndiye enawo akungozungulira. Mzere suyenda wina akasowa."

"Ndiye tikangomuika pomwe anali paja?" anafunsa achimwene.

Alamu ndi amene anayankha. "Pamwala paja sindimuikanso. Ndikamupereka m'manja."

A Nahipa anawayang'ana nthawi yaitali. "Zimenezo palibe anayesapo," anatero. Anatiperekeza mpaka pa nsungwi paja, n'kubwerera.

Kukwera kunali kowawa. Alamu ankayenda pang'ono n'kuima, kugwira mtengo, kupuma. Achimwene anati, "Bweretsani ndikuberekereni." Anakana. "Kwatsala pang'ono. Ndisiyeni ndimalize ndekha."

Tisanafike pamwamba chifunga chinatikuta. Makoma anatulukira m'chifungamo mwadzidzidzi, akuda bii, miyala yake ikuchita thukuta. Ine ndinali ndisanaonepo zomanga zotere, zazikulu, zopanda khomo lachiwiri. Ndinaganiza za munthu amene analowa mmenemo ali ndi mwana kumsana, n'kuyang'ana makomawo ali m'kati.

Pachipata panali anthu. Ndinawaona chizimezime, ngati mmene umaonera mitengo mvula ikamagwa kutsidya. Anaima mzere, makosi owerama, osasuntha. Chakumapeto kwa mzerewo kunali mpata wa munthu mmodzi. Kenako ndinamva mapazi kumbuyo kwathu, m'njira imene tinadzera, ndipo ndinadziwa kuti ulendo wonsewu sitinali atatu. Mphepo yozizira inandidutsa paphewa. Nditayang'ananso, mpata uja unali utatsekeka.

Achimwene anandigwira mkono, tinaima. Alamu anapitirira okha. Anakhala pa mwala umodzi wa chipata chogwacho, natembenuzira nsalu kutsogolo, namasula mabatani a bulauzi. Palibe anawafulumizitsa. Mzere wonse unadikira. Achimwene anavula chipewa, nachifinya m'manja.

Atamaliza, alamu ananyamulira nsalu ija paphewa, nasisita pang'onopang'ono. Kenako anaimirira, nayenda mpaka kumapeto kwa mzere, natambasula manja. Anakhala choncho kanthawi, ndipo ndinaona zala zawo zikukana kumasuka. Ndinaganiza kuti abwerera nayo. Koma mapewa awo anatsika, mikono inapepuka.

"Tengani ndi nsalu yomwe," tinawamva akutero. "Njirayi ndi yaitali. Weramani ndikumangireni."

Ndinaona manja awo akuyala chitenjecho pamsana umene ine sindinkauona bwino, akukoka mbali iyi ndi iyi, akumanga mfundo m'chifunga. Atatha anasendera pafupi, nalankhula motsitsa, ife osamva. Anamvetsera. Analankhulanso, namvetseranso, nagwedeza mutu.

Mzere unayamba kuyenda. Tinapatuka, ine ndinatsinzina. Mapazi anatidutsa akugwa pamodzi, ambiri, ambiri kuposa amene ndinawaona. Omaliza anali olemererapo kusiyana ndi enawo. Atangotidutsa ndinamva kugeya kwa khanda lokhuta, kenako phokoso lonse linatsikira kumunsi mpaka kuzimiririka.

Alamu tinawapeza atakhala pansi m'tsekera, manja ali lende, akunjenjemera. Achimwene anawafunditsa jekete, nawabereka kumsana. Anatsika nawo phiri lonse osawatsitsa, ine ndili pambuyo ndanyamula nsapato zawo.

Anadwala nthawi yaitali, mpaka mvula yoyamba. Mkaka unaphwa wokha. Pang'ono ndi pang'ono thupi linabwerera, anayambanso kupita kumunda, kenako kukwaya, ngakhale mawu awo sanakwerenso ngati kale. Mwana wina sanabadwe pakhomopo. Analera ana a abale, anga omwe anakulira m'manja mwawo, ndipo za kulinga sankazitchula. Achimwene nawo anapitiriza kumanga nyumba za anthu, koma ntchito ya mpanda wa miyala akaipeza ankaipereka kwa anzawo.

Panapita zaka, tonse imvi zitayamba. Achimwene anali atatisiya kale. Tsiku lina tinali awiri pabwalo tikutong'ola chimanga, ndipo ndinalimba mtima.

"Alamu, tsiku lija pachipata, munamuuza chiyani mayi uja?"

Sanadabwe. Ankaoneka ngati munthu amene wakhala akudikira funsolo.

"Ndinamufunsa ngati kumene aliko anamuonako Mtisunge wanga."

"Anati bwanji?"

"Anati iwo sanafike kumene amapita ana athu. Akadali panjira." Anatenga chisononkho china, nachitembenuza m'manja. "Koma anati akakafika akamufunafuna. Ndiye anandifunsa kuti akamudziwa bwanji pakati pa ana onsewo."

"Munati chiyani?"

"Ndinati ali ndi kadontho kakuda kuseri kwa khutu, ndiponso ndi wamakani, bere lakumanzere amalikana."

Anasiya kutong'ola, nayang'ana m'manja mwawo.

"Anati, 'Musadandaule, amayi. Ndikamupatsa lakumanja.'"